Kapuloteni kamene mbatata ya ku Dedza idasunga, chimanga n'kukasamutsa: mafunso ndi mayankho

Mlimi wa ku Bembeke amene amabzala chimanga mvula ikagwa, mbatata ya kachewere kudimba, nsawawa m'mbali mwa munda ndi kabichi wa pamsika, amagwira tsiku ndi tsiku mbewu zomwe akatswiri a maselo akhala akuzisinja ndi kuziunika kwa zaka zambiri. Chimodzi mwa zomwe amafunafuna ndi kapuloteni kotchedwa S10. Nawa mafunso omwe munthu angakhale nawo akamva zimenezi koyamba.

Kodi nkhani yake ndi yotani kwenikweni?

Ndi nkhani ya kupuma. Selo lililonse lamoyo la mbewu, kaya la muzu, la tsamba kapena la mbatata yomwe ili m'thumba pamsewu wa M1, lili ndi tizigawo totchedwa mitokondiriya. M'selo limodzi imakhalamo mazanamazana, ndipo kukula kwa kamodzi ndi pafupifupi gawo limodzi mwa magawo 1,000 a milimita. Mmenemo ndimo shuga amatenthedwa pang'onopang'ono ndi okosijeni kuti patuluke mphamvu, imene selo limaisunga mu kanthu kotchedwa ATP. Ogwira ntchito imeneyi ndi mapuloteni. Ena mwa iwo amapangidwira m'mitokondiriya momwemo, ndipo chowapanga ndi raibosomu. S10 ndi kachidutswa kamodzi ka raibosomuyo.

Koma kusukulu tidaphunzira kuti mbewu zimatulutsa okosijeni, ife n'kumapuma?

N'zoona, koma adatiuza theka. Tsamba lobiriwira limapanga shuga masana n'kutulutsa okosijeni. Shugayo kuti akhale mphamvu ayenera kutenthedwa, usana ndi usiku, ndipo pamenepo mbewu imafuna okosijeni monga ifeyo. Muzu sunaonepo dzuwa chibadwire, koma umakula. Madzi akadikha m'munda wa kudambo kwa masiku angapo chimanga n'kuchita chikasu, ndiye kuti mizu yabanika: mpweya wathawa m'dothi, mitokondiriya yasowa chogwirira ntchito.

Nanga raibosomu imagwira bwanji ntchito?

Malangizo opangira puloteni amakhala mu DNA, olembedwa ndi zilembo zinayi zokha. Jini ndi chigawo cha DNA chomwe chili ndi malangizo a puloteni imodzi. Selo limakopera malangizowo pa kachingwe kotchedwa RNA, ndipo raibosomu imagwira kachingweko n'kumawerenga zilembo zitatuzitatu. Zilembo zitatu zilizonse zimaitana amino asidi mmodzi mwa mitundu 20 yomwe ilipo, raibosomu n'kumawalumikiza mmodzimmodzi mpaka puloteni itatha. Ya bakiteriya imatha kulumikiza pafupifupi 20 pa sekondi imodzi.

Raibosomu ili ndi zigawo ziwiri. Chaching'ono ndi chowerenga, chachikulu ndi cholumikiza. Chilembo S chimasonyeza kuti puloteniyo ndi ya m'chigawo chaching'ono, ndipo S10 imakhala kumutu kwa chigawocho. George Palade ndiye adafotokoza timadontho timeneti mu 1955 atationa pa makina oonera tinthu ting'onoting'ono. Mu 2009 Venkatraman Ramakrishnan, Thomas Steitz ndi Ada Yonath adalandira mphoto ya Nobel chifukwa choonetsa mmene raibosomu idamangidwira.

Selo lili kale ndi maraibosomu ake. Mitokondiriya ikufuniranji ina yakeyake?

Chifukwa idabwera nayo. Zaka zoposa 1.5 biliyoni zapitazo, makolo a mitokondiriya anali mabakiteriya odziyendera okha. Mmodzi adalowa m'selo lina, sanagayidwe, adakhazikika n'kumaswana momwemo. Lynn Margulis atalemba zimenezi mu 1967 ambiri adamukana, koma umboni udachuluka mpaka otsutsa adatha. Mitokondiriya ili ndi DNA yakeyake, imachulukana podzigawa pakati, ndipo raibosomu yake imafanana kwambiri ndi ya bakiteriya kusiyana ndi ya selo lomwe ikukhalamo.

Umboni wina ndi wa mankhwala. Chloramphenicol, amene amapha mabakiteriya poimitsa maraibosomu awo, amaimitsanso raibosomu ya m'mitokondiriya, koma ya selo lenilenilo saikhudza. Mankhwala ena otchedwa cycloheximide amachita zosemphana. Akatswiri akafuna kudziwa komwe puloteni inayake imapangidwira, amathira awa kenako awo, n'kuona kuti yasiya kupangidwa liti.

Ndiye kuti mankhwala opha mabakiteriya angatipwetekenso ife?

Ena, nthawi zina. Chloramphenicol akachuluka amafooketsa m'mafupa momwe mumapangidwa magazi. Streptomycin, amene adagwira ntchito zaka zambiri pa chifuwa chachikulu, ndi gentamicin amatha kuwononga makutu, makamaka kwa anthu omwe chilembo chimodzi cha RNA ya raibosomu yawo ya m'mitokondiriya chidasintha. Zimenezi zidadziwika mu 1993. N'chifukwa chake mlingo wa mankhwala otere amayeza ndi achipatala, osati wogulitsa pa okala.

Kodi mitokondiriya imadzipangira mapuloteni ake onse?

Ayi, ndipo apa mpomwe pagona nkhani. Mu 2014 akatswiri ena, mmodzi mwa iwo Ian Max Møller wa ku Denmark, adawerenga mapuloteni 1,060 m'mitokondiriya ya mbatata ya kachewere. Koma DNA ya m'mitokondiriya ya mbewu zambiri zamaluwa ili ndi malangizo a mapuloteni 30 mpaka 40 basi. Ena onsewo malangizo awo ali m'nyukiliyasi, pamene pamakhala DNA yaikulu ya selo. Amapangidwira kunja n'kulowetsedwa kudzera pa timakomo ta pakhungu la mitokondiriya.

Ochepa opangidwira m'katiwo si achabe. Ndiwo mtima wa makina opumira: Cox1, Cox2 ndi Cox3 za pamalo pomwe okosijeni amagwiritsidwa ntchito, zidutswa 9 za gawo loyamba la makinawo, ndi zina za gawo lopanga ATP. Chidutswa cha m'kati chimodzi chikasowa, zakunja zija zimafika n'kusowa polumikizika. Munthu ali ndi mapuloteni 13 okha otere, pa DNA ya zilembo 16,569. Ya chimanga ili ndi zilembo pafupifupi 570,000, koma zambiri mwa izo sizipanga puloteni iliyonse.

N'chifukwa chiyani akatswiri amakonda mbatata ya kachewere pa kafukufukuyu?

M'kati mwake ndi moyera, mulibe zobiriwira zosokoneza, ndi yofewa, ndipo imapezeka chaka chonse. Ntchito yake ndi yosavuta kuimvetsa. Amasenda mbatata, n'kuipera m'madzi ozizira kwambiri osakaniza ndi shuga kuti tizigawoto tisaphulike. Amasefa pa nsalu. Madziwo amawazunguza m'makina mwapang'onopang'ono, sitalichi n'kudikha pansi yoyera mbee, iwo n'kuitaya. Amazunguzanso mothamanga kwambiri, ndipo pansi pa botolo pamatsala kamatope kofiirira. Kamatopeko ndiko mitokondiriya. Akakathira m'kabotolo kotseka komwe muli choyezera mpweya, n'kukapatsa chakudya, okosijeni amayamba kutsika munthu akuona. Mbatata idasinjidwa kalekale, koma tizigawo take tikupumabe.

Tibwerere ku S10. Mbatata ndi chimanga zikusiyana pati?

Zonse zili ndi puloteni ya S10 m'raibosomu ya m'mitokondiriya. Zimasiyana posungira malangizo ake. Mu 1994 gulu la Xavier Jordana ku Santiago, m'dziko la Chile, lidapeza jini ya rps10 m'DNA ya m'mitokondiriya ya mbatata, moyandikana ndi jini ya cox1. Chaka chotsatira Volker Knoop ndi anzake ku Germany adaipezanso mu nsawawa, koma adaona kuti m'mitokondiriya ya Arabidopsis mulibe. Arabidopsis ndi kachitsamba kakang'ono, kachibale ka mpiru ndi kabichi, komwe akatswiri amakakonda chifukwa kamabereka m'milungu yochepa. Mwa iko, monganso m'chimanga ndi mumpunga, jiniyo idasamukira kunyukiliyasi. Puloteniyo imapangidwira kunja n'kubwerera kukagwira ntchito komwe idachokera.

Choncho m'munda umodzi wa ku Lobi, mzere wa mbatata ukudzipangira S10 m'kati mwa mitokondiriya, mzere wa chimanga ukuitanitsa kunja. Msamuko womwe udayamba zaka zoposa biliyoni imodzi zapitazo sunathe, ndipo mbewu iliyonse yafika pakepake.

Jini imasamuka bwanji?

Movutikira. Choyamba kope lake liyenera kutuluka m'mitokondiriya n'kukalowa m'DNA ya m'nyukiliyasi. Izi zokha zimachitika kawirikawiri, koma makope ambiri amangofera komweko. Kuti kope likhale lamoyo liyenera kugwera pamalo pomwe pali choliyatsa, komanso lipeze kachizindikiro komwe kamauza selo kuti puloteni iyi ipite kumitokondiriya. Nthawi zambiri kachizindikiroko limachita kubwereka kwa jini ina. Jini ya rps14 ya chimanga ndi mpunga idakalowa m'kati mwenimweni mwa jini ina yotchedwa sdh2, ndipo ziwirizi zimagwiritsa ntchito kachizindikiro kamodzi.

Palinso vuto la kalembedwe. Malangizo a m'mitokondiriya ya mbewu amakhala ndi zilembo zolakwika, zomwe zimakonzedwa pa RNA raibosomu isanawerenge: chilembo C chimasandutsidwa U. Izi zidatulukiridwa mu 1989, ndipo mu 1999 akatswiri adawerenga malo 441 otere mu Arabidopsis. Kunyukiliyasi kulibe wokonza wotereyu. Makope ambiri amoyo a kumeneko amafanana ndi RNA yokonzedwa kale, zomwe zikusonyeza kuti adachokera pa RNA, osati pa DNA.

Munthu angaganize kuti chinthu chovuta chonchi chidachitika kamodzi kokha. Keith Adams ndi Jeffrey Palmer a ku Indiana University adayeza mbewu zamaluwa 277, ndipo mu 2000 adalengeza kuti rps10 idatayika m'mitokondiriya ka 26, paliponse payekhapayekha. Mu 2002 adaonetsa kuti majini a mapuloteni a raibosomu ndiwo amakonda kusamuka, pomwe a makina opumira sasunthasuntha. Nthawi zina jini imangotayika, ina n'kulowa m'malo. Mu Arabidopsis, S13 ya m'mitokondiriya idalowedwa m'malo ndi mbale wake wochokera kuzigawo zobiriwira za tsamba.

Bwanji osangosamuka onse, raibosomu yachiwiriyi n'kutha ntchito?

Funsoli n'lomveka, pakuti selo limawononga zambiri: limapanga mapuloteni oposa 80 a raibosomu kuti raibosomuyo ipange mapuloteni 30 ndi kanthu. Akatswiri amatchula zifukwa ziwiri. Mapuloteni a pakati pa makina opumira amadana ndi madzi, motero akapangidwira kunja amapindikana n'kukanika kulowa pa khomo. Chachiwiri n'chakuti mitokondiriya iliyonse imafunika kudzikonzera msanga makina ake akavuta, osadikira nyukiliyasi.

Mbewu za m'gulu la nyemba zimachitira umboni chifukwa choyambacho. Jini ya cox2, yomwe mbewu pafupifupi zonse zimaisunga m'mitokondiriya, mu khobwe idasamuka. Soya ali ndi makope onse awiri, koma logwira ntchito ndi la m'nyukiliyasi. Kafukufuku wa mu 2002 adasonyeza kuti puloteniyo idayamba yasintha pang'ono, kudana kwake ndi madzi n'kuchepa, ndipo pamenepo mpomwe idatha kulowa.

Nanga S10 ikachepa chimachitika n'chiyani?

Funsoli adaliyankha ndi Hanna Jańska ndi gulu lake ku University of Wrocław, ku Poland. Popeza mu Arabidopsis jiniyo ili m'nyukiliyasi, adatha kuifooketsa kuti S10 izipangidwa yochepa. Mbewuzo zidapinimbira, masamba adapunduka, kukula kudachedwa. Izi sizidadabwitse aliyense. Chodabwitsa chidatuluka mu 2013 atayang'ana m'kati.

Munthu akadayembekeza kuti raibosomu yopunduka ingochepetsa mapuloteni onse mofanana. Sizidatero. Malangizo a mapuloteni a makina opumira ankawerengedwa mochepa, pomwe malangizo a zidutswa za raibosomu yeniyeniyo ankawerengedwa mochuluka kuposa kale. Selo lidayesa kudzipulumutsa: lidachulukitsa DNA ya m'mitokondiriya, makope a RNA nawo adachuluka. Koma makina opumira adachepabe, chifukwa vuto silidali kusowa kwa malangizo. Lidali pa wowerenga. Zidutswa za raibosomu zopangidwa mopyola muyeso zija zambiri zinkangophwanyidwa, posowa zinzake zolumikizana nazo.

Mu 2019 gulu lomwelo lidapezanso china. Majini ena a m'mitokondiriya ali ndi zigawo zosafunika pakati, zomwe ziyenera kudulidwa pa RNA isanawerengedwe. Imodzi mwa mapuloteni othandiza kudulako, MatR, imapangidwa ndi raibosomu yomweyi. S10 itachepa MatR inkapangidwa mochuluka, komabe kudula kudasokonekera, malangizo ena osafika n'komwe pokhwima.

Kwa ine phunziro lalikulu lili apa. Mabuku ambiri a sukulu amaonetsa raibosomu ngati chinthu chopanda tsankho, chongowerenga chilichonse chomwe chapatsidwa. Zotsatira za ku Wrocław zikusonyeza kuti mmene raibosomu yamangidwira zimakhudza malangizo omwe iwerenge kwambiri ndi omwe iwanyalanyaze. Kachidutswa kamodzi kali ndi mawu pa zomwe mitokondiriya ipange.

Kodi raibosomu ya m'mitokondiriya ya mbewu ndi yofanana ndi yathu?

Kholo ndi limodzi, koma zidasiyana kutali. Florent Waltz, Philippe Giegé ndi anzawo ku Strasbourg, m'dziko la France, adalengeza mu 2019 kuti ya Arabidopsis ili ndi mapuloteni 81, ndipo 19 mwa iwo amapezeka mu mbewu zokha. Mwa 19 amenewa, 10 ndi a banja lotchedwa PPR, lodziwa kugwira RNA pamalo enieni. Chigawo chomwe timachitcha chaching'ono chidatupa kumutu mpaka kuposa chachikulu. Mu 2020, pamodzi ndi Yaser Hashem, adajambula raibosomu yonse ataiumitsa ndi kuzizira koopsa. Adaitenga mu kolifulawa, amene ndi mtundu umodzi ndi kabichi wogulitsidwa pa Lizulu, ndipo adamusankha pa chifukwa chomwe chija cha mbatata: ndi woyera.

Kwa ife anthu, majini onse a mapuloteni a raibosomu imeneyi adasamuka kalekale. Msamuko udaima chifukwa mitokondiriya ya nyama idasintha kawerengedwe ka zilembo zina, motero jini yosamuka lero ingawerengedwe molakwika. Ya mbewu imawerengabe mofanana ndi nyukiliyasi, n'chifukwa chake njira idakali yotseguka.

Zoterezi zidaonekapo pa chimanga?

Inde. Kathleen Newton wa ku University of Missouri adafufuza kwa zaka zambiri chimanga chokhala ndi mizere yotuwa pamasamba, chopinimbira, chomwe chisononkho chake chimakhala ndi mipata ya maso ofota. Mu 1991 iye ndi mnzake adapeza kuti mu mtundu wina, NCS3, chigawo cha DNA ya m'mitokondiriya chokhala ndi majini a S3 ndi L16 chidaduka. Onse awiri ndi mapuloteni a raibosomu. Chimangacho chimakhala ndi moyo chifukwa chili ndi mitokondiriya yosakanikirana, yabwino ndi yoipa. Pomwe yoipa yachuluka mpomwe pamatuluka mzere, ndipo diso la chimanga lolandira yoipa yokhayokha limafa.

Ndiye mizere yomwe timaona pachimanga chathu ndi imeneyi?

Ayi. Mizere yachikasu yodukaduka yomwe imavuta chimanga chobzalidwa mochedwa ndi cha kudimba imayamba ndi vairasi, yofalitsidwa ndi tizilombo todumphadumpha pamasamba. Mizere ina imabwera nthaka ikasowa michere monga zinki. Za NCS3 ndi za m'minda ya kafukufuku. Funsani alangizi musanaganize za mitokondiriya.

Kodi mbewu imatenga mitokondiriya kwa kholo liti?

Mwa mbewu zambiri zamaluwa, kwa mayi. Zili ngati mwa Achewa, momwe mwana amawerengedwa kuchikazi: bambo wabweretsa theka la majini a m'nyukiliyasi kudzera mu mungu, koma mitokondiriya ndi ya kwa amayi, agogo aakazi, mpaka kumbuyo. Chimanga chimatero, ifenso timatero. Zilipo zosiyana nazo. Nthochi ndi nkhaka zimatenga kwa bambo. Mitengo ya paini ya ku Chongoni ndi paphiri la Dedza imatenga mitokondiriya kwa mayi, koma zigawo zobiriwira kwa bambo. Mbatata yobzala ndi mbatata inzake ilibe za bambo n'komwe: Rosita kapena Violet wa chaka chino ali ndi zonse za wa chaka chatha.

Izi zikukhudzana bwanji ndi mbewu ya haibulidi?

Kwambiri. Kupanga mungu kumadya mphamvu zochuluka, motero mitokondiriya ikavuta pang'ono choyamba kufa ndi mungu, mbewu yonse ili bwinobwino. Marcus Rhoades adafotokoza chimanga chotere kumayambiriro kwa zaka za m'ma 1930. Kwa opanga mbewu chidali chuma. Popanga haibulidi, monga MH17 ndi MH18 za ku Chitedze zomwe zidatuluka mu 1990, mizere yaikazi siyenera kudzithira mungu wake, choncho anthu amayenda mzere ndi mzere kuzula ngayaye zisanatulutse mungu. Chimanga chopanda mungu chimathetsa ntchito yonseyo.

Ku America adachikonda mpaka pofika 1970 pafupifupi 85 peresenti ya chimanga chawo idali ndi mitokondiriya ya mtundu umodzi, wotchedwa T. Chaka chimenecho kudabuka chiwawu cha masamba chokonda mtundu womwewo, ndipo pafupifupi 15 peresenti ya zokolola za dziko lonse idapita. Mu 1986 gulu la Charles Levings ku North Carolina lidapeza gwero: jini yachilendo yotchedwa T-urf13, yopangidwa ndi zidutswa za DNA zolumikizana molakwika, zambiri mwa izo zochokera pa jini ya RNA ya raibosomu ndi m'mbali mwake. Raibosomu ya m'mitokondiriya imaiwerenga mokhulupirika n'kupanga puloteni yomwe imapha mungu. Puloteni yomweyo ikakumana ndi poizoni wa chiwawucho imaboola khungu la mitokondiriya, selo n'kufa. Makampani adabwerera kukazula ngayaye.

Mayina a mbewu pamapaketi adali ambirimbiri, koma mayi adali mmodzi. Ofalitsa mbewu kwathu kuno ayenera kumaikumbukira nkhaniyi.

Ngati mayi alibe mungu, haibulidi wa mlimi amabereka bwanji?

Kholo lalimuna limabweretsa jini ya m'nyukiliyasi yobwezeretsa mungu. Majini ambiri otere, monga a mpunga ndi radishi, amapanga mapuloteni a banja lija la PPR, omwe amagwira RNA ya jini yoipayo n'kuidula kapena kuitsekereza kuti raibosomu isaiwerenge. Pa kabichi palibe chifukwa chobwezeretsa, poti timadya masamba. Kabichi ndi kolifulawa wambiri wa haibulidi padziko amapangidwa ndi mitokondiriya yochokera ku radishi yomwe Hiroshi Ogura adaifotokoza ku Japan mu 1968.

Mbatata zina zimachita maluwa koma osabala tizipatso. Chifukwa n'chomwechi?

Nthawi zambiri n'chomwechi, ngakhale kutentha ndi chilala nazo zimayoyola maluwa. Mitundu yambiri ya kachewere padziko idachokera kwa amayi ochepa. Wotchuka ndi Rough Purple Chili, amene Chauncey Goodrich adamulandira ku New York mu 1851, ndipo mitokondiriya ya mzere umenewu imapha mungu ikakumana ndi majini ena a m'nyukiliyasi. Mlimi sizimukhudza, iye akufuna za pansi. Zimavutitsa opanga mitundu yatsopano, monga a International Potato Center, omwe likulu lawo lili ku Lima m'dziko la Peru ndipo amagwira ntchito ndi malo a kafukufuku a boma ngati a ku Bembeke. Mtundu wopanda mungu sungakhale bambo. Ukangokhala mayi, ana ake amatengeranso vutolo, ndipo mbadwo uliwonse abambo amanka nachepa.

Mapuloteni amenewa ndi omwe a zaumoyo amati tizidya?

Ndi omwewo. Mukadya chipisi cha pa chiwaya mwadya S10 ya mbatata. M'mimba imaphwanyidwa kukhala ma amino asidi, maraibosomu anu n'kupangira zanu. Koma ndi yochepetsetsa, musasiye nyemba ndi usipa.

Mlimi wa mbatata atolepo chiyani?

Za S10 zenizenizo sizimuwonjezera ndowa ngakhale imodzi chaka chino, ndipo wokuuzani zina akukunamizani. Chomwe angatolepo n'chakuti mbatata yokumbidwa ndi yamoyo ndipo ikupuma. Chimanga chouma bwino chimapuma pang'ono kwambiri, n'chifukwa chake matumba a PICS amachisunga: anankafumbwe amabanika, chimanga osavulala. Mbatata, yomwe pafupifupi magawo 80 pa 100 ndi madzi, ikatsekeredwa motero imabanika yokha. Ikaunjikidwa padzuwa, kapena kufunditsidwa lona palole tsiku lotentha potsika ku Golomoti, kupuma kumathamanga, okosijeni osafika pakati. Maselo a pakatiwo amafa, ndipo wogula akadula amapeza mtima wakuda, kunja kuli kosalala.

Bala nalo limathamangitsa kupuma. Mbatata yotemedwa ndi khasu kapena yoponyedwa imatentha chakudya chake mofulumira pofuna kupoletsa balalo, n'kuchepa kulemera. Ya mbewu imasungika bwino pa mathandala, m'nyumba yodutsa mphepo ndi yolowa kuwala kosawomba mwachindunji, momwe imatulutsa mphukira zazifupi zolimba. Kuzizira kwa Dedza, boma lomwe lili pamtunda wa mamita pafupifupi 1,600, kumachedwetsa kupuma, ndipo ndi mwayi womwe mlimi wa kuchigwa alibe.

Nanga chinangwa chowawa chimapha bwanji munthu, icho osadzipha?

Poizoni wake, sayanaidi, amatseka pamalo pomwe okosijeni amagwiritsidwa ntchito, pa makina aja omwe mtima wawo ndi Cox1. Munthu amabanika mpweya uli tho m'mapapo. Chinangwa chimasunga poizoniyo atamangidwa ku shuga, ndipo amamasuka pokhapokha maselo akaphwanyika, n'chifukwa chake kuviika ndi kuyanika kumamuchotsa. Mbewu zilinso ndi njira yachiwiri yopumira yomwe sayanaidi saitseka, kudzera pa puloteni yotchedwa AOX. Njirayi imapereka ATP wochepa, koma malangizo ake ali m'nyukiliyasi, sadalira raibosomu ya m'mitokondiriya. Mbewu zomwe makina awo opumira avuta, kuphatikizapo chimanga cha mizere cha Newton, zimachulukitsa AOX. Ife tilibe.

Kodi anthu angathe kukonza majini a m'mitokondiriya?

Ayamba kumene. Njira yotchuka ya CRISPR imavuta kuno chifukwa imadalira kachingwe ka RNA komwe n'kovuta kukalowetsa m'mitokondiriya. Shin-ichi Arimura wa ku University of Tokyo ndi anzake adagwiritsa ntchito mapuloteni odula DNA otchedwa TALEN, atawaika kachizindikiro kaja kolozera kumitokondiriya. Mu 2019 adadula jini yopha mungu mu mpunga, yotchedwa orf79, ndi inzake ya orf125 mu mbewu ya mafuta ya m'banja la mpiru. Mbewu zonse ziwiri zidayambanso kutulutsa mungu wamoyo, ndipo ana ake adatengera kusinthako kudzera kwa mayi.